Kampopi ka Petulo pa Njinga Yamoto: Malangizo kwa Mabanja a ku Parklands

Abale ndi alongo a ku Parklands, ku Table View ndi ku Dunoon, ambiri a inu mumadyera njinga yamoto, kuperekera anthu zakudya ndi katundu wa Uber Eats, Mr D kapena Checkers Sixty60, ndipo ena mumaikwera Loweruka pa milu ya mchenga ya ku Atlantis. Koma popeza kukada njingayo imagona m'galaja kapena pakhonde, moyandikana ndi chipinda chimene mumagona ana, nkhani ya kampopi ka petulo si ya wokwera yekha ayi, ndi ya banja lonse.

Kampopi ndi ntchito yake

Pansi pa thanki ya njinga zambiri zokhala ndi kabuleta, monga Boxer ndi zina zothamangira m'fumbi, pali kampopi kolozetsa malo atatu: pa ON petulo amayenda, pa OFF watsekedwa, ndipo pa RES njinga imamwa wotsalira pansi pa thanki, woti akufikitseni pogulira wina. Njinga zatsopano zimene zimapopa petulo ndi magetsi zilibe kampopi kotere, pakuti mukazimitsa kiyi nayo pampu imaleka. Eni ake malangizowa asawavutitse.

Thanki ili pamwamba, kabuleta ali pansi, ndipo petulo amatsika yekha, usana ndi usiku, ngakhale injini itazima. Chomuletsa ndi kasingano kakang'ono kokankhidwa ndi kachoyandama m'kambale ka kabuleta, monga umachitira mpira wa m'thanki ya chimbudzi cha madzi: kambale kakadzaza, kachoyandama kakwera, kasingano katseka. Tsono kamchenga kamodzi kokha, mwa kaja kamauluzika ndi mphepo yaukali ya kum'mwera chakum'mawa imene imawomba kuno m'miyezi yotentha, kapena kadzimbiri ka m'thanki, kakakhala pamlomo pa kasinganoko, petulo saleka kutsika. Wina amadontha pansi kudzera pa kapaipi kotayira, ndipo wina amalowa mu injini, nasakanikirana ndi oyilo, kotero kuti oyiloyo amasanduka madzimadzi, zitsulo n'kuyamba kudyana, ndipo mwini njinga amadzazindikira makaniko atamuuza mtengo.

Nthawi zoyenera kutseka

Choyamba, madzulo alionse mukaweruka. Muzimitse injini, mutembenuzire kampopi pa OFF, ndipo kenaka mulowe m'nyumba.

Chachiwiri, ponyamula njinga pa galimoto kapena pa ngolo yokoka, pakuti kugwedezeka kwa pamsewu kumavinitsa kachoyandama, ndipo kasingano kamatsekuka ndi kutsekeka njira yonse.

Chachitatu, njinga ikagwa, kaya pa phula loterera ndi mvula ya mu June ndi July, kaya pamchenga: ngati simunavulale, zimitsani injini, tsekani kampopi, ndipo muidzutse pambuyo pake, chifukwa njinga yogona chammbali imataya petulo pafupi ndi paipi ya utsi yotentha.

Chachinayi, musanazule paipi ya petulo kapena kumasula kabuleta.

Chachisanu, pamene muisiya masabata ambiri, monga poti mwanyamuka ulendo wa kumudzi mu December. Apa kutseka kokha sikukwanira, pakuti petulo wotsalira m'kambale amauma nasiya utomoni umene umatseka timabowo ta kabuleta. Mutseke kampopi injini ikulira panja, pamalo opita mphepo, muileke mpaka izime yokha. Kapena mumasule kabawuti ka pansi pa kambale, petulo atsikire m'chitini, injini itazizira.

Pamene simuyenera kutseka

Poima pakhomo pa kasitomala mphindi ziwiri kapena zitatu palibe chifukwa chotsekera, ngati kabuleta wanu sadontha. Ndipo chenjerani ndi kuiwala kutsegula m'mawa, pakuti njinga imalira bwino ndi petulo wa m'kambale, niyenda kamtunda pang'ono, kenaka n'kuzima mwadzidzidzi, mwina muli pakati pa magalimoto pa Blaauwberg Road kapena pa R27. Chifukwa chake dzanja lanu lizolowere kuyamba lakhudza kampopi lisanakhudze kiyi. Momwemonso mukathira petulo mutayendera RES, bwezerani pa ON, kuopa kuti tsiku lina mungamalize thanki yonse osadziwa.

Mawu kwa onse a m'nyumba

Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma tsoka ili lokha limanunkha ndithu, ndipo ndi chifundo chachikulu kuti litero. Mayi kapena mwana akamva fungo la petulo m'mawa, kapena akaona banga lonyowa pansi pa injini, asakhale chete poopa kudzutsa bambo. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa umene timapuma, ndipo sukwera kudenga, koma umayenda chapansipansi, nulowa pansi pa chitseko kufikira utapeza kandulo yoyatsidwa magetsi atathima, mbaula ya palafini kapena ndudu ya fodya. Mukamva fungolo, musayatse machesi kapena kukhudza swichi ya magetsi. Tsegulani zitseko, tsekani kampopi, tulutsani njinga mokankha, ndipo thirani mchenga podonthapo. Moto wa petulo sazimitsa ndi madzi, pakuti petulo amayandama pamwamba pa madziwo nafalikira nawo. Ukabuka, tulutsani anthu onse, muimbe 112 pa foni ya m'manja, kapena 021 480 7700, nambala ya zangozi ya mzinda wa Cape Town.

Dziwaninso kuti kutseka kampopi si mankhwala a kabuleta wodontha. Njinga imene imataya petulo ili pa ON, kapena imene oyilo wake akununkha petulo ndi kuchuluka m'malo mochepa, ipite kwa makaniko sabata lomwelo, akatsuke kabuleta, asinthe kasingano ndi oyilo. Musadikire malipiro a mwezi wamawa, pakuti kasingano ndi kotsika mtengo kuposa injini.