Akakuyezani Osakupezani ndi Malungo, Musamwe LA

Uthenga wa azaumoyo kwa mabanja a m'boma la Kasungu, a m'midzi ndi a m'maesiteti a fodya

Pali mphekesera yomwe ikuyenda pa mabenchi a zipatala, ndipo mvula ikayamba imakula. Akuti kachipangizo koyezera malungo kamanama. Ena akuti anamwino akuumira mankhwala a malungo a LA. Munthu amabwera thupi likutentha, mutu ukuwawa, m'mfundo mukuphwanya. Timamubaya chala, kachipangizo nkuonetsa mzere umodzi. Tikamuuza kuti malungo alibe nkumupatsa Panado, amatuluka akung'ung'udza kuti "Panado yekhayu ndayendera mtunda wonsewu?" Pobwerera amadzera pa golosale kukagula makapusozi, kapena amakapempha LA wotsala kwa mlamu wake.

Tikupempha mwaulemu, ngakhale tanena mpaka kukhosi kuuma: akakuyezani osakupezani ndi malungo, musamwe LA. Musagulenso makapusozi pa msika.

Udzudzu sunyamula malungo okha

Zoti udzudzu umafalitsa malungo, ngakhale mwana wa sitandade 3 amadziwa. Chimene ambiri sadziwa nchakuti udzudzu umanyamulanso mavairasi, monga chikungunya, dengue, o'nyong-nyong ndi Rift Valley fever. Amenewa si matenda a kutali. Chikungunya inadziwika koyamba mu 1952 kummwera kwa Tanzania, m'dera la Amakonde. Mliri wa o'nyong-nyong unayamba ku Uganda mu 1959, unadwalitsa anthu pafupifupi 2 miliyoni ndipo unafika kuno ku Malawi, wonyamulidwa ndi udzudzu womwewu wa malungo. Dengue inavuta ku Pemba ndi ku Nampula m'dziko la Mozambique mu 2014, komanso ku Dar es Salaam mu 2019, kumene amalonda athu amakapikula katundu. Ofufuza apezanso zizindikiro za chikungunya m'magazi a odwala ena amene anapita ku chipatala ku Mzuzu thupi likutentha.

Matendawa amayamba ngati malungo ndithu. Koma kachipangizo kathu kamafufuza kachilombo ka malungo basi, vairasi sikaiona. Mzere umodzi sukutanthauza kuti simukudwala. Nthawi zambiri ukutanthauza kuti chikukudwalitsani nchina.

Nchifukwa chiyani LA sagwira vairasi?

Apa werengani mofatsa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Kachilombo ka malungo ndi chamoyo chokwanira pachokha. Kamalowa m'maselo ofiira a magazi, kamadya zofiiritsa magaziwo, kamagaya, kamakula, kamaswana. LA amakapha podzera m'kudya kwakeko. Mabakiteriya ambiri nawo ali ndi khoma lawolawo lowakuta, ndipo makapusozi monga amoxicillin amawapha powalepheretsa kumanga khomalo. Mankhwala awiriwa ali ndi pomenya.

Vairasi siili choncho. Siidya, siipuma, ndipo payokha siingaswane. Ndi kauthenga chabe kokutidwa m'kachikopa. Ili ngati munthu wofika pa esiteti yanu manja lende, wopanda chigafa, wopanda jeke, wopanda ziguduli, koma nkulamula antchito anu kuti asiye fodya wanu azidinda mabelo ake ndi zipangizo zanu. Mukafuna kumuletsa poononga zipangizo, mwaononga zanu zomwe.

Zipangizo zimenezi m'thupi ndi mapuloteni a m'maselo athu. Udzudzu ukaluma, umasiya vairasi pakhungu pamodzi ndi malovu ake. Kuti ilowe m'selo, vairasi imayenera kupeza puloteni yoiyenera pamwamba pa seloyo nkuigwira. Selo imaganiza kuti ndi katundu wake, nkuimeza. Ikalowa imavula kachikopa kaja, ndipo selo imayamba kuwerenga uthenga wa vairasi nkumapanga mavairasi ena ambirimbiri, amene amatuluka kukagwira maselo oyandikana nawo.

Ena mwa mapuloteniwa akudziwika ndi maina. Mu 2018, akatswiri a pa Washington University ku St. Louis, m'dziko la America, anapeza kuti chikungunya ndi o'nyong-nyong zimagwira puloteni yotchedwa MXRA8, yomwe imapezeka pa maselo a m'mfundo, m'minofu ndi m'mafupa. Ndiye musadabwe kuti wodwala chikungunya amayenda chowerama, zala ndi akakolo zikuwawa, ena kwa miyezi ingapo. Si kuti amulodza. Vairasi imakakhazikika kumene kuli puloteni yoilandira. Mu 2019, akatswiri ena ku Paris anapeza kuti ikalowa m'selo, chikungunya imadaliranso puloteni ya m'minofu yotchedwa FHL1 kuti ichulukane. Maselo opanda puloteniyi vairasi imalephera kuswanamo. Wina angati, bwanji osangoichotsa? Anthu obadwa ndi vuto la puloteni yomweyi amadwala matenda ofooketsa minofu. Thupi limaifuna. Nchifukwa chake kupeza mankhwala nkovuta: ayenera kutsekereza vairasi osavulaza mwini selo. Kafukufuku akupitirira, koma pakadali pano palibe piritsi lopha dengue kapena chikungunya, kuno kapena kunja.

Tsono taganizani. Mu vairasi mulibe mimba yoti LA akagwire, mulibe khoma loti makapusozi akagumule. Mungamwe mapiritsi onse 24, vairasi siimva kanthu. Chimene chimaithamangitsa ndi chitetezo cha m'thupi mwanu, ndipo kwa ambiri kutentha thupi kumatha pasanathe sabata.

"Koma ine ndinamwa LA ndipo ndinachira"

Mawu awa timawamva tsiku lililonse. Inde bambo, munachira. Mukanachiranso osamwa. Masiku atatu omwera LA ndi masiku omwewo amene thupi lanu limalimbana ndi vairasi, ndiye ulemu mwapatsa piritsi pomwe ntchito yagwira ndi thupi. Ndipo LA munamwayo mwamutenga kuti? Ngati anali wotsala m'nyumba, ndiye kuti wina amene anali ndi malungo enieni sanamalize mankhwala ake. Ameneyo abwereranso kwa ife atafooka kuposa poyamba.

Akuluakulu mukukumbukira chloroquine. Dziko lino linamusiya mu 1993 chifukwa kachilombo ka malungo kanali katamuzolowera. Tinatenga Fansidar, nayenso anatopa, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Ku Rwanda ndi ku Uganda kwaoneka kale tizilombo ta malungo tomwe tikuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa LA. Tikamamwa mwachisawawa, theka lero theka mwezi wamawa, tikuphunzitsa kachilomboko kupirira. LA akatha mphamvu, mwana wanu tidzamupatsa chiyani? Makapusozi ndi chimodzimodzi. Amene mukumwera kuphwanya kwa thupi lero ndi omwe adzakanike kuchiza chibayo cha mdzukulu wanu mawa.

Kwa eni maesiteti ndi akapitawo: tikudziwa kuti nyengo yothyola ndi kusoka fodya simufuna munthu agone. Koma kusunga LA ndi makapusozi m'kabati nkumagawira matenanti aliyense akati mutu, si chithandizo. Mutumizeni akayezedwe. Akapanda kumupeza ndi malungo, asamwe LA, ndipo mulekeni apume.

Nanga muchite chiyani?

Thupi likatentha, pitani ku chipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Malungo akadali ambiri kuno ndipo amapha msanga, choncho kuyezetsa sikosankha. Akakupezani nawo, imwani LA yense mpaka kumaliza, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, osasungirako wina. Akapanda kukupezani nawo, adokotala aona ngati pali chibayo, taifodi kapena matenda ena ofuna mankhwala awoawo. Zimenezo asiyireni iwo, osati wa pa golosale.

Kunyumba imwani madzi ambiri, phala lamadzimadzi kapena thanzi, pumani, ndipo imwani Panado monga akuuzirani. Asipirini, Brufen ndi Indocid ayi. Ngati ili dengue, mankhwala amenewa angachititse kuti magazi azituluka osaleka. Agogo, Indocid wanu wa msana uja musampatse mwana.

Bwererani ku chipatala msanga, ngakhale usiku, ngati wodwala akutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, akusanza mosalekeza, m'mimba mukupweteka kwambiri, chimbudzi chili chakuda, akukomoka, wafooka moti sakudzuka, kapena mwana akukana bere. Dengue imaopsa kwambiri pamene thupi layamba kuzizira, ndiye musati wachira chifukwa kutentha kwatsika. Amayi oyembekezera ndi makanda asadikire kunyumba. Ngati papita masiku awiri kapena atatu thupi likutenthabe, bweraninso tidzakuyezeni kachiwiri. Sitikudzudzulani ayi. Chimene chimatiwawa ndi kulandira munthu amene wamwa kale LA ndi makapusozi a mitundu iwiri, nkumatibisira.

Za kupewa mukuzidziwa: gonani m'neti usiku uliwonse, wodwala azigonamo ngakhale masana, ndipo popeza udzudzu wa mizere yoyera m'miyendo, wofalitsa dengue ndi chikungunya, umaluma masana ndipo umaswana m'madzi osungidwa, vindikirani migolo, khuthulani makeni a ku nazale ndi matayala akale sabata iliyonse.