Phunziro: Kuyendayenda Kosafunika Pantchito N'kuwononga Chuma

Pomanga midadada ya sukulu m'mawodi athu timadandaula simenti ikatayika, koma sitiwerengera nthawi ndi mphamvu zimene zimatha pamene mmisiri akungowerama, kutembenuka ndi kupita uku ndi uku kusaka chipangizo. Taiichi Ohno wa kampani ya Toyota ku Japan anaika mayendedwe otere pakati pa mitundu 7 ya kuwononga pantchito, popeza amatopetsa munthu koma khoma silikwera.

Frank Gilbreth wa ku America, yemwe anayamba ntchito ngati womanga nyumba, anapeza kuti mmisiri ankasuntha thupi ka 18 poika njerwa imodzi. Iye anakonza nsanja yokwera pamodzi ndi khoma, kuti njerwa ndi matope zikhale pafupi ndi dzanja, wothandiza atazisanja kale. Kusunthako kunatsika kufika pa 5, ndipo njerwa zoikidwa ndi munthu mmodzi pa ola zinachoka pa 120 kufika pa 350.

Komiti ya chitukuko ingatengerepo phunziro. Galimoto isanatsitse mchenga ndi njerwa, gwirizanani malo oyandikira khoma ndi posakanizira. Mgolo wa madzi ukhale pomwepo. Fosholo ndi wilibala zibwezedwe pamalo amodzi. Mmodzi wa inu aime ola lathunthu kuwerenga maulendo a wantchito mmodzi, kenaka akambirane naye ulendo umene ungachotsedwe.

Cholinga si kuthamangitsa anthu ayi, koma kuti msana usapweteke pachabe ndiponso denga lifoleredwe mvula yoyamba isanagwe.