Polemba Uthenga pa Foni: Pomwe Chilembo Chilibe Mlandu ndi Pomwe Chimapalamula

M'boma la Chifunde, banja limodzi likhoza kukhala ndi anthu atatu olemba Chichewa m'njira zitatu, ndipo palibe wolakwa. Bambo amene anaphunzira sukulu ku Malawi nthawi ya nkhondo, pamene anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kumeneko, amalemba "chimanga". Mlongo wawo amene anakulira ku Ukwimi, kufupi ndi Petauke ku Zambia, amalemba "cimanga". Mwana wobadwa nkhondo itatha mu 1992, amene sukulu yake yonse inali ya Chipwitikizi, amalemba "nhumba" pofuna kunena nyumba, "muana" pofuna kunena mwana. Onsewa amakumana pa gulu limodzi la WhatsApp, ndipo sipalephera kupezeka wina wodzipatsa udindo wa uphunzitsi, nayamba kuchonga mauthenga a anzake.

Wochongayo ayambe wayang'ana zikwangwani za kwathu konkuno. Pakamwa timati Mwaladzi, pa chikwangwani pali Mualadzi. Pakamwa timati Kasakatiza, pa chipata cholowera ku Zambia pali Cassacatiza. Ku Malawi malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973 kudzera m'bungwe la Chichewa Board. Zambia inavomereza ake mu 1977, ndipo kumeneko mawu amene a ku Malawi amalemba ndi "ch" amalembedwa ndi "c". Ku Mozambique akatswiri anakumana koyamba pa nkhaniyi mu 1988 ku Maputo, nawonso anasankha "c", n'chifukwa chake mabuku a sukulu amati Cinyanja. Chigawo chathu cha Tete chinali chimodzi mwa zigawo ziwiri zimene zinayesa kuphunzitsa ana m'chilankhulo chakwawo pamodzi ndi Chipwitikizi kuyambira 1993 mpaka 1997, koma ana ambiri a m'midzi yathu sanakhalepo m'kalasi yotero. Nkhani ino yalembedwa m'kalembedwe ka ku Malawi, ndipo wa ku Katete akanailemba m'njira ina.

Choncho langizo loyamba ndi lakuti musamaseke kalembedwe ka munthu pa gulu la banja. Wosekedwa amaleka kulemba, ndipo kawirikawiri amakhala mayi kapena azakhali, omwe ndiwo amadziwa amene wadwala, amene wabereka ndi mmene chimanga chatsalira m'nkhokwe. Pocheza wamba, "zkm", "bho", "obg" ndi "kkkk" zisiyeni zikhale. Wolemba "ndabwela" ndi wolemba "ndabwera" onse afika. Kusowa kwa chilembo chachikulu kapena mpumiro sikunaphepo munthu.

Koma pali nkhani zingapo zimene chilembo chimodzi kapena nambala imodzi imadyetsa banja ndalama, ulendo kapena ubale. Zimenezi n'zofunika kuzikambirana pakhomo, aliyense wogwira foni azidziwe, ngakhale mwana amene amalembera agogo ake.

Yambirani pa masiku a pamlungu, chifukwa msampha wake ndi wa kuno kwathu kwenikweni. Chipwitikizi chimayamba kuwerenga pa Lamulungu, motero Lolemba chimalitcha segunda-feira, tsiku lachiwiri. Ife timayambira pa Lolemba, ndiye Lachiwiri lathu ndi terça, tsiku lachitatu kwa iwo. Mawerengedwe awiriwa amasiyana ndi tsiku limodzi mlungu wonse mpaka Lachisanu. Pa khadi la kuchipatala akalemba "4ª feira", mwana woona nambala yokha amauza agogo kuti abwererenso Lachinayi, pamene namwino amanena Lachitatu. Wolembera msuweni wake wa ku Mchinji kuti "tikumane 2f" akunena Lolemba, msuweniyo adzafika Lachiwiri. Musafupikitse tsiku ndi nambala. Lembani dzina lake lonse, muwonjeze deti ndi mwezi: "Lachitatu, pa 14 Ogasiti". Mukalakwitsa chimodzi, chinzakecho chidzachenjeza wowerenga kuti afunse. Pa nthawi, ife ndi a ku Zambia timati 19 horas kapena 19 hours, a ku Malawi amati 7 koloko, ndipo 7 koloko yopanda "m'mawa" kapena "madzulo" imagoneka munthu pa siteji.

Pa ndalama ndi pamene pamafunika kukhala pansi. Boma lathu limagundana ndi mayiko awiri, ndipo m'thumba la munthu mmodzi mumatha kupezeka ndalama za mitundu itatu, ziwiri mwa izo dzina lake n'limodzi. K500 ya ku Zambia ndi ndalama yooneka, K500 ya ku Malawi ndi ya tomato wa ndiwo za tsiku limodzi, mwinanso osakwana. Uthenga wakuti "nditumizireni 500" sunanene kalikonse. Tchulani mtundu wa ndalama nthawi zonse: 500 MT, kwacha ya ku Zambia 500, kwacha ya ku Malawi 500. Chitani chimodzimodzi mukamasonkherana za ulendo wa ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, pomwe osonkha amakhala mbali zonse zitatu za malire.

Kenaka pali kadontho ndi kamchira. Wophunzira m'Chipwitikizi amalemba 1.500 kutanthauza chikwi chimodzi ndi mazana asanu, ndipo 1,50 kwa iye ndi imodzi ndi theka. Wophunzira m'Chingerezi amachita motembenuza. Njira yapafupi ndiyo kuchotsa zonse ziwiri n'kulemba 1500 MT, kenaka kubwereza ndalamayo m'mawu monga mmene mumaitchulira pakamwa, kaya m'Chichewa, kaya m'Chipwitikizi. Ziro mmodzi akagwa kapena akawonjezeka, mawuwo adzakuwombolani. Samalaninso ndi akuluakulu amene mitu yawo idakali ku ndalama zakale. Mu Julaye 2006 boma linachotsa maziro atatu pa metical, koma mpaka lero alipo amene 1000 MT amaitcha miliyoni, ndipo 100 MT amati cem contos. Mwana wolembera agogo otere afunse kuti, "Agogo, ndi mapepala angati, a mtundu wanji?" asanalembe miliyoni n'kudzidzimutsa malume ake ku Johannesburg.

Nambala ya foni musailembe ndi mutu. Ikopereni kuchokera m'foni momwemo, kapena tumizani contacto yonse. Nambala za ku Mozambique zili ndi manambala 9: zoyamba ndi 84 kapena 85 ndi za Vodacom ndipo zimayenda ndi M-Pesa, 86 kapena 87 ndi za Movitel ndi e-Mola, 82 kapena 83 ndi za Tmcel ndi mKesh. Mukamapatsa wakunja, yambani ndi +258, monga a ku Zambia amayambira ndi +260, a ku Malawi +265. Dzina la wolandira likaoneka musanaike PIN, liwerengeni mpaka kumapeto. Kuthamanga sikufika, ndipo ndalama yolowa m'foni ya mlendo imavuta kubwerera.

Dzina la munthu nalo lili ndi malo pomwe silifuna kukonzedwa. Ambiri mwa ife maina athu analembedwa ndi kalaliki wa Chipwitikizi: Mwale anakhala Muale, Sakala anakhala Sacala, Nyirenda anakhala Nhirenda. Pocheza lembani mmene mukufunira. Koma ngati dzinalo likupita kwa wachibale amene akutumizirani ndalama kudzera ku Mukuru, kapena likukalembedwa pa matrícula a mwana kusukulu, kapena pa kontrakiti ya fodya, likopereni chilembo ndi chilembo monga lilili pa chitupa cha BI, ngakhale mukuona kuti kalaliki uja analipotoza. Wa pa kauntala amafananiza zilembo, za mfunda wanu sakuzidziwa. Pakhomo pakhale kope limodzi lolembamo maina a onse monga alili pa BI kapena pa cédula, manambala a foni olandirira ndalama, ndi nambala ya mlimi ngati muli pa kontrakiti ndi Mozambique Leaf Tobacco. Chithunzi cha BI musachiponye pa gulu. Chitumizeni kwa munthu mmodzi amene akuchifunayo, ngati mumamukhulupirira.

Mankhwala musawalembe n'komwe, ajambuleni. Coartem ndi wa malungo, Cotrimoxazol ndi wa matenda ena, ndipo onse amayamba ndi "Co". Ku Malawi omwewo amawadziwa kuti LA ndi Bactrim. Wotumidwa ku farmácia ku Tete akalandira dzina lolumidwa pakati amagula zimene waganiza. Chithunzi cha paketi kapena cha receita chimanena dzina, mphamvu yake ndi kamwedwe. Feteleza ndi mankhwala opopera chimodzimodzi: NPK 12-24-12 amene timamudziwa kuno si Compound D wa ku Zambia, choncho jambulani thumba, ndipo nenani ngati mukufuna thumba la 50 kg kapena lata.

M'Chichewa chenichenicho, koopsa kuposa zonse ndi kachidutswa kakuti "sa" ndi "si". "Mutumize" ndi "musatumize" zimasiyana zilembo ziwiri. "Abwere" ndi "asabwere", "ndibwera" ndi "sindibwera", chimodzimodzi. Chala chikaterereka, kapena wowerenga akakhala padzuwa ndi foni yong'aluka galasi, uthenga umatembenuka. Mukamaletsa, letsani kawiri: "Ayi, musatumize, dikirani kaye." Zina n'zazing'ono koma zimasokoneza ndithu. "Waphonya chapa" ndi munthu wotsala pa siteji, "waponya" ndi nkhani ina. "M'bale wanga wathyoka" ndi ngozi, "mbale yanga yasweka" ndi chiwiya, ndipo chimapulumutsa apa ndi kagwirizano ka mawu otsatira, osati kachizindikiro kapamwamba kokha. Kachipewa ka pa "w" kasakuvutitseni: owerenga amamva popanda iko, ndipo pa SMS chilembo chimodzi chotero chimatsitsa malo a uthenga kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70, n'kukudyerani kredito.

Nthawi zambiri wopotoza mawu si inu, ndi foniyo. Kiyibodi yoikidwa m'Chipwitikizi imayesa mawu a Chichewa kuti ndi zolakwika, n'kuwasandutsa mawu ena pamene mukudina kutumiza. Lowani mu Definições za kiyibodi muzimitse Correção automática, muchitirenso makolo anu. Pa WhatsApp, kuyambira 2023, uthenga umatheka kuukonza pasanathe mphindi 15 mutautumiza. Koma ngati mwakonza ndalama kapena tsiku, tumizaninso uthenga wina wonena kuti mwakonza, chifukwa amene anawerenga kale sabwererako.

Uthenga wa maliro usalembedwe mothamanga, ndipo usafupikitsidwe. Asanaone pa gulu ana ndi abale apafupi, aimbiridwe kaye foni. Ukamalembedwa, utchule dzina lonse la malemu, mudzi ndi mfumu yake, tsiku limene amwalira, ndi tsiku ndi malo a mwambo woika. "Agogo atisiya" m'banja lokhala ndi agogo anayi ndi kulizitsa makomo atatu pachabe. Alembe munthu mmodzi amene banja lamutuma, ena azingopatsira uthenga womwewo osasinthamo kanthu.

Pali cholakwa china chimene anthu amachiyesa cha kalembedwe pamene ndi cha khalidwe. Apongozi sadzadandaula kuti mwalemba "l" m'malo mwa "r". Adzadandaula mukalemba "bwera" m'malo mwa "bwerani", kapena "uli bwanj" m'malo mwa "muli bwanji". Ka "ni" ndi ka "mu" sikatha mamega. Polembera amfumu, ankhoswe, abusa, aphunzitsi a mwana wanu kapena apongozi, yambani ndi moni wathunthu, dzitchuleni ngati nambala yanu sakuidziwa ("Ndine mwana wa a uje, wa kwa mfumu yakuti"), nenani nkhani, mutsirize ndi "zikomo" wolemba zilembo zonse. Nkhani ya ukwati, ya malire a munda kapena ya mlandu isathere pa foni. Uthenga ungopempha tsiku lokumana.

Amene kulemba kumawavuta ajambule mawu, palibe chamanyazi. Mawu apakamwa amamveketsa mtengo wa kumunda ndi mtengo wa pamsika, zimene pa kulemba zimaoneka chimodzimodzi. Kungoti m'midzi yambiri ya Chifunde netiweki ndi yokwerera pachulu, ndipo uthenga wa mawu umachedwa kutsika kuposa wolemba. Choncho nkhani ikhale m'mawu, koma nambala, tsiku ndi dzina zitsatire pansi pake zolembedwa.

Kalembedwe kosiyanasiyana kaja kalinso ndi phindu lake. Akuba a pa foni amatumiza mauthenga onga akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena amadzitcha mwana wanu amene foni yake yatayika. Inu mukudziwa mmene mwana wanu amalembera. Ngati masiku onse amalemba "muana" ndi "nhumba", lero n'kubwera ndi Chichewa cha m'nyuzipepala ya ku Blantyre, kapena Chipwitikizi chokhachokha, imani. Imbani nambala yake yakale, kapena mufunseni chinthu chimene ndi wa pakhomo yekha angachidziwe. Bambo amene anaumiriza ana onse kulemba mofanana wataya chizindikiro chimenechi.

Za ana asukulu, nkhawa ya makolo ndi yakuti "pq" ndi "tb" za pa foni zidzalowa m'mayeso a Chipwitikizi. Zimalowadi mwa mwana amene salemba kwina kulikonse. Kumulanda foni sikumuphunzitsa. Mpatseni ntchito ya kope lija: alembe ndiye maina, masiku a kuchipatala ndi ndalama zimene zalowa ndi kutuluka, m'mawu athunthu, inu muziona. Ndipo pa uthenga uliwonse wa ndalama, wa tsiku, wa mankhwala kapena wa maliro, musanadine kutumiza, uwerengeni mokweza kamodzi pamaso pa munthu wina wa pakhomopo.