Kuyerekezera Zakumwamba: Mmene Tingaphunzitsire m'Chinyanja

Mlimi wa kachewere ku Ulónguè akafuna kudziwa mphamvu ya manyowa, amathira mzere umodzi n'kusiya wina, ndipo yankho amaliona pokolola. Katswiri wa zakumwamba alibe mwayi wotere. Sangagundanitse milalang'amba iwiri kuti aone chotsatira, ndiponso kugundana koteroko kumatenga zaka mamiliyoni mazanamazana. N'chifukwa chake amayerekezera: amalemba malamulo a chilengedwe m'kompyuta, monga la mphamvu yokoka, ndipo kompyutayo imawerengera mmene nyenyezi zingayendere, sitepe ndi sitepe.

Nzeru imeneyi inayamba makompyuta amakono asanabwere. Mu 1941, Erik Holmberg wa ku Sweden anayala mababu 74 m'magulu awiri, gulu lililonse likuimira mlalang'amba. Kuwala kumachepa ndi mtunda mofanana ndi mphamvu yokoka, choncho iye ankayeza kuwala kofika pa babu lililonse n'kulisuntha ndi manja. Pofika 2005, ntchito yotchedwa Millennium Simulation, ku Germany, inali kutsata tinthu toposa 10 biliyoni m'kompyuta.

Kwa ife aphunzitsi a zilankhulo ziwiri, funso n'lakuti tiyambire pati. Tikayamba ndi mawu a Chipwitikizi akuti simulação, mwana aloweza koma osamvetsa. Komatu kuyerekezera amakudziwa kale, pakuti amaumba ng'ombe zadongo ndi kupanga galimoto zamawaya. Tiyambe ndi zimenezi, ndipo mawu a Chipwitikizi abwere lingaliro litakhazikika.

Ntchito ya m'kalasi

Titseke mazenera. Tochi ikhale dzuwa, mpira ukhale dziko, ndimu ikhale mwezi. Mwana mmodzi ayendetse ndimu mozungulira mpira mpaka mthunzi wake utagwera pampirapo. Ameneyo ndiye kadamsana, monga amene anadetsa Lusaka ndi chigawo chapakati cha Mozambique pa 21 Juni 2001. Ana akafunse makolo zimene anaona tsikulo, adzafotokoze m'kalasi.

Pomaliza tifunse kuti: “Kodi chitsanzo chathuchi chikusiyana pati ndi zenizeni?” Tiwathandize kuona kuti ndimu yayandikira mpira mopitirira muyeso, ndipo tochi yachepa kwambiri. Funsoli tisalidumphe. Akatswiri nawonso amayerekeza zotuluka m'kompyuta ndi zimene makina oonera kutali aonetsa, ndipo zikasiyana amakonza chitsanzo chawo. Mwana wofunsa funsoli m'chilankhulo chake wayamba kale kuganiza mwasayansi.