Kodi Makina Angaone Maganizo Ofuna Kudzipha?

Ubongo ukamagwira ntchito umafuna mpweya wa okosijeni, ndipo mpweyawo umabwera ndi magazi. Mbali ya ubongo imene yatanganidwa imalandira magazi ochuluka pakangodutsa masekondi ochepa. Makina otchedwa fMRI ali ndi maginito amphamvu kwambiri, amene amasiyanitsa magazi odzaza okosijeni ndi magazi amene okosijeni wake wachepa. Njira imeneyi anaitulukira ndi Seiji Ogawa mu 1990. Choncho chimene dokotala amaona pa kompyuta ndi kumene magazi akuthamangira. Maganizo enieni a munthuyo saoneka.

Mu 2017, Marcel Just ndi David Brent a ku Pittsburgh, ku America, anafalitsa kafukufuku wa achinyamata 34. Mwa iwo, 17 anali ndi maganizo ofuna kudzipha, 17 analibe. Ali chigonere m'makinawo ankaonetsedwa mawu monga "imfa", "nkhanza" ndi "chitamando", ndipo kompyuta inkayesa kuzindikira gulu la aliyense. Ofufuzawo anati inalondola pa anthu 31. Nkhaniyi inamveka kutali. Koma akatswiri ena atabwereza masamuwo, anapeza kuti mbali za ubongo zoti kompyuta iyang'ane zinasankhidwa kuchokera kwa anthu omwewo amene ankayesedwa. Zili ngati mwana kulemba mayeso atawona kale mayankho: akhoza ndithu, koma kukhozako sikusonyeza nzeru. Mu 2023 magazini ya Nature Human Behaviour, imene inasindikiza lipoti la kafukufukuyu, inalichotsa.

Wina anganene kuti ndiye ntchito yonseyi ndi yachabe. Ayi. Zithunzi za ubongo zimathandiza kumvetsa mmene matenda a maganizo amakhudzira thupi, ndipo zimenezi zimachepetsa chizolowezi chonena kuti wovutikayo ndi wofooka kapena walodzedwa. Koma kusiyana kumene kumaoneka pakati pa magulu sikutiuza za munthu mmodzi amene wakhala pamaso pa namwino lero. Wina angatinso anthu amabisa zakukhosi, ndiye makina okha ndiwo angaulule. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, poti bungwe la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse. Komabe kafukufuku wasonyeza kuti kufunsa munthu mwachindunji ndi mwachifundo ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Nthawi zambiri kumam'masula kuti alankhule, ndipo akalankhula mpamene achibale angam'perekeze kuchipatala.