NYIMBO ZA M'KANEMA WA "MOANA" NDI ENI ACE

Ambiri a ife pa sukulu pano tidziwa nyimbo za m'kanema wa Moana, ndipo sipapita sabata osamva wina alikuziimba pocapa zobvala kapena posesa pabwalo. Koma ndaona cinthu cimodzi: tonse tiimba mau a Cingerezi okha. Tikafika pamene pali mau acilendo timangong'ung'udza m'mphuno, kudikira kuti Cingerezi cibwerenso. M'nkhani ino ndifuna kuonetsa anzanga ndi aphunzitsi athu kuti mau amene tiwalumphawo ali ndi eni ace, ndi kuti munthu wosadziwa kumene nyimbozi zinacokera wamva theka lokha la kanemayo.

1. Dziko la zisumbu

Kanemayu anaturuka m'mwezi wa November 2016. Anampanga ndi a Walt Disney ku America, ndipo oyang'anira nchito yonse anali Ron Clements ndi John Musker. Zithunzi zace zambiri ndi zopangidwa pa kompyuta, zija timati makatuni, ndipo anthu anangoikamo mau ao.

Nkhani yace icitikira ku Polynesia. Tengani mapu a nyanja ya Pacific, muikepo miyala itatu ngati mafuwa: umodzi pa Hawaii kumpoto, wina pa New Zealand kumwera ca kumadzulo, wacitatu pa Rapa Nui, pamene Azungu amati Easter Island, kumwera ca kum'mawa. Pakati pa mafuwawo pali zisumbu zoposa 1,000, monga Samoa, Tonga, Tahiti ndi Tokelau. Zinenero za anthu a kumeneko ndi zapacibale, ndipo m'zambiri za izo liu lakuti "moana" litanthauza nyanja yaikuru.

Moana wa m'kanemayu ndi mwana wamkazi wa mfumu ya pa cisumbu copeka, dzina lace Motunui. Atate ace aletsa anthu onse kupalasa bwato kupitirira matanthwe amene azinga cisumbuco. Koma kokonati ayamba kubvunda m'mitengo ndipo nsomba zisowa. Tsono agogo ace a Moana amsonyeza phanga lobisika m'mene muli mabwato akuru-akuru a makolo. Iye atenga bwato limodzi napita kukafuna Maui, ngwazi ya m'nthano za anthu a ku Polynesia, kuti akabweze kamwala kamene Mauiyo anaba, kamene ndi mtima wa mulungu wamkazi Te Fiti.

2. Amuna atatu amene anapeka nyimbozi

Mutu umodzi susenza denga. Nyimbo za m'kanemayu anazipeka ndi anthu atatu, yense ndi mbali yace.

Woyamba ndi Lin-Manuel Miranda wa ku New York, amene makolo ace ndi a ku Puerto Rico. Iyeyu anachuka ndi sewero loimba la Hamilton, limene linayamba kuonetsedwa mu 2015. Mau ambiri a Cingerezi amene ife tiimba ndi ace. Nyimbo yace ya "How Far I'll Go", imene anaimba ndi Auli'i Cravalho, mtsikana wa ku Hawaii amene anasankhidwa ali ndi zaka 14 zokha, inalandira mphotho ya Grammy mu 2018.

Waciwiri ndi Mark Mancina, amene anakonza zoimba za mavayolini ndi malipenga zimene zimveka pansi-pansi pamene nkhani iri mkati. Iyeyu anagwirako nchito pa nyimbo za kanema wa The Lion King wa 1994.

Wacitatu, amene dzina lace silimveka kawiri-kawiri pakati pathu, ndi Opetaia Foa'i. Anabadwira ku Samoa mu 1956. Atate ace anali a ku Tokelau, amai ace a ku Tuvalu. Ali ndi zaka 9 banja lao linasamukira ku Auckland, ku New Zealand. Atakula anayambitsa gulu loimba lochedwa Te Vaka, ndiko kuti "bwato", limene linaturutsa cimbale cace coyamba mu 1997. Nyimbo zace zambiri azipeka m'cinenero ca ku Tokelau. Tsono tamvani, anzanga: Tokelau ndi tizisumbu titatu tokha, Atafu, Nukunonu ndi Fakaofo, ndipo anthu okhalako ali pafupi-fupi 1,500. Ziripo sukulu zina zimene ana ace aposa ciwerengero cimeneco. Ana ambiri a mtundu umenewu akulira ku New Zealand, kumene Cingerezi cilikuwalanda cinenero ca makolo ao, kotero kuti bungwe la UNESCO linaciika pa mndandanda wa zinenero zimene ziri pangozi ya kufa. Mau ambiri amene ife tiwang'ung'udza aja ndi a cinenero cimeneci.

Pamwamba pa atatuwa panalinso kwaya ya Pasifika Voices ya ku Fiji, imene anaitsogolera ndi Igelese Ete. Mau okhathamira a anthu ambiri amene mumva m'kanemamo ndi ao.

3. Nyimbo ya amalinyero

Kanemayu ayamba ndi nyimbo yochedwa "Tulou Tagaloa", imene anaimba ndi Olivia Foa'i, mwana wa Opetaia. Tagaloa ndiye mlengi m'cipembedzo cakale ca ku Samoa, ndipo "tulou" ndi liu laulemu limene munthu anena, atawerama, pamene adutsa pamaso pa anthu okhala pansi, monga ife tinena "zikomo" podutsa pa akuru. Cotero nkhani isanayambe, oimba ayamba apempha njira kwa eni malo.

Nyimbo imene isenza katundu wolemera koposa ndi "We Know the Way". Imveka pamene Moana aomba ng'oma m'phanga muja, naona m'masomphenya makolo ace alikuyenda pa nyanja ndi mabwato a matanga. Foa'i aiyamba m'cinenero ca ku Samoa, napitiriza m'ca ku Tokelau, ndipo pambuyo pace ndi pamene Miranda alowa ndi Cingerezi. Cinenero ca eni ace ndico citsogola, ca alendo citsatira.

Kuti timvetse kunyada kumene kuli m'nyimboyi tiyenera kudziwako mbiri. Makolo a anthu a ku Polynesia anafika ku Tonga ndi ku Samoa zaka pafupi-fupi 2,800 zapitazo. Anakhala kumeneko zaka zoposa 1,000 osapitirira kum'mawa, ndipo akatswiri a mbiri akali kukangana za cifukwa cace. Pambuyo pace anayambanso maulendo, nafika ku Tahiti, ku Hawaii, ku Rapa Nui, ndipo potsiriza ku New Zealand pakati pa 1250 ndi 1300. Analibe kampasi kapena mapu olembedwa. Woongolera bwato ankasunga m'mutu malo amene nyenyezi iri yonse iturukira ndi kulowera. Ankamva ndi thupi lace kumene mafunde akuru acokera. Ankayang'ana mitambo imene iunjikana pamwamba pa cisumbu, ndi mbalame zimene zipita kukagwira nsomba m'mawa ndi kubwerera kumtunda madzulo.

Azungu ena ophunzira sanakhulupirire zimenezi. M'zaka za m'ma 1950 wolemba mbiri wa ku New Zealand, Andrew Sharp, analemba kuti zisumbu zakutalizo anthu anazipeza mwangozi, atatengedwa ndi mphepo. Yankho linadza mu 1976, pamene bwato lochedwa Hōkūleʻa, lomangidwa potsanzira mabwato akale, linanyamuka ku Hawaii pa 1 May ndi kufika ku Papeete, ku Tahiti, pa 4 June, ulendo wa mamailo pafupi-fupi 2,500, popanda cida ciri conse ca Azungu coongolera njira. Popeza luso limeneli linali litaiwalika ku Hawaii, anakaitana Mau Piailug wa ku cisumbu ca Satawal, ku Micronesia, amene analiphunzira kwa agogo ace. Cotero pamene nyimbo ija itama anthu odziwa njira, iri kuyankha mlandu weni-weni umene makolo ao ananenezedwa, wakuti anali anthu ongotengedwa ndi madzi ngati zinyalala.

Ng'oma imene igunda m'nyimbo zimenezi ichedwa "pate". Iribe cikopa, ndi cipika cogoba mkati cokhala ndi mng'alu pamwamba, ndipo aciomba ndi timitengo tiwiri. Liu lace ndi louma ndi lakuthwa. Mudzalimva bwino m'nyimbo ya "Logo Te Pate", pamene Maui alikuphunzitsa Moana kuongolera bwato.

4. Nyimbo ya misozi

Tsopano ndifika pa nkhani imene itikhudza ife ogonera pa sukulu. Kuciyambi kwa kanema, Moana ali kakhanda, ayenda m'mphepete mwa nyanja, madzi napatukana kumpatsa njira. Pamenepo pamveka nyimbo yofatsa ngati yotonthoza mwana, yochedwa "An Innocent Warrior". Maimbidwe ace sanapekedwere kanemayu iai. Foa'i anawatenga ku nyimbo yace yakale ya "Loimata E Maligi", dzina limene linena za misozi yogwa, nasintha mau ace.

Usiku wa pa 9 March 2000 moto unabuka m'nyumba yogona atsikana pa sukulu ya sekondale ya Motufoua, pa cisumbu ca Vaitupu ku Tuvalu. Zitseko zinali zokiya, ndipo mazenera anali ochingidwa kotero kuti munthu sakanatha kuturukirapo. Atsikana 18 ndi mai mmodzi wowayang'anira anafera momwemo. Zinamveka kuti moto unayamba ndi kandulo imene mmodzi wa iwo anayatsa kuti awerenge usiku. Pa nthawiyo dziko lonse la Tuvalu linali ndi anthu pafupi-fupi 10,000, ndipo sukuluyo inkalandira ana ocokera ku zisumbu zonse. Cotero maliro anakhudza dziko lonse. Foa'i, amene Tuvalu ndi kwao kwa amai ace, anapeka nyimbo ija polira ana amenewa. Ena a iwo anali a msinkhu wanga.

Maimbidwe omwewo abweranso kumapeto kwa kanema, pamene Moana ayenda yekha, wopanda cida, kukakomana ndi Te Kā, cirombo ca moto, ndi kucibwezera mtima wace. M'kuganiza kwanga apa ndi pamene pagona nzeru ya wopekayo. Nyimbo yolira atsikana amene moto unawatsekereza imveka pa nthawi imene mtsikana aima pamaso pa moto, moto nuzirala. Ana a m'maiko ambiri aimva osadziwa kanthu. Koma mai wa ku Vaitupu akaimva adziwa amene alikukumbukidwa.

5. Kodi eni ace anakondwera?

Ena anakondwera, ena anadandaula, ndipo mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo. A Disney anasonkhanitsa akuru, akatswiri a zinenero ndi amalinyero a ku zisumbuzo m'gulu lochedwa Oceanic Story Trust kuti aziwalangiza. Komabe mu September 2016 anayenera kupepesa ndi kucotsa m'sitolo cobvala ca ana cokhala ngati khungu la Maui ndi mphini zace, pakuti kumeneko mphini ndi cinthu caulemu, cosonyeza banja ndi udindo wa munthu. Ena anadandaula kuti kanemayu wasakaniza miyambo ya Samoa, Tahiti ndi Fiji mumphika umodzi ngati kuti onsewo ndi mtundu umodzi, ndi kuti phindu lalikuru la ndalama lipita ku America.

Kumbali inayi, kanemayu anamasuliridwa, pamodzi ndi nyimbo zace, m'cinenero ca ku Tahiti ndi ca Amaori a ku New Zealand mu 2017, ndi ca ku Hawaii mu 2018. Ici si cinthu cacing'ono tikakumbukira kuti ku Hawaii lamulo la 1896 linalamula kuti m'sukulu aziphunzitsa m'Cingerezi, ndi kuti ana ambiri a Amaori ankakwapulidwa akalankhula cinenero cao pa sukulu. Pamene kanema waciwiri anaturuka mu 2024, nyimbo zatsopano anapeka ndi Abigail Barlow ndi Emily Bear m'malo mwa Miranda, koma Foa'i ndi Mancina anakhalapobe.

6. Phunziro lace

Cimene ine ndatolapo ndi ici: nyimbo iri yonse iri ndi mwini wace ndi cifukwa cace, ndipo ikacoka kwao kupita kutali zinthu ziwirizi ndizo ziyamba kugwa panjira. Foa'i anaimba m'cinenero ca atate ace zaka pafupi-fupi 20 a Disney asanamfune. Akadacinyoza ndi kuimba m'Cingerezi cokha, pa tsiku limene anamfuna akadapezeka wopanda kanthu m'manja. Ife tiphunzira Cingerezi tsiku lonse, ndipo ndi bwino kutero. Koma ndipempha anzanga kuti pa chuthi cirinkudzaci yense akalembe nyimbo imodzi ya agogo ace, ya pamtondo kapena ya m'nthano, akafunsenso amene anaipeka ndi cimene cinamcititsa. Tikabwera tidzazisonkhanitse m'magazini yathu ino.

Mafunso okambirana m'kalasi:

(a) Chulani njira zitatu zimene amalinyero a ku Polynesia ankadziwira kumene kuli mtunda.

(b) Kodi ulendo wa Hōkūleʻa wa 1976 unatsutsa ganizo lotani?

(c) Kodi ndi bwino kutenga maimbidwe a nyimbo ya maliro ndi kuwaika m'kanema wosangalatsa ana? Ndani ali ndi mphamvu yobvomereza zimenezi?

(d) Moto utabuka usiku m'nyumba imene mugona, mudzaturukira khomo liti, ndipo kiyi wace asunga ndani?

Wophunzira wa Form 4