Kuyamba gofu ku Chipata: ndodo zochepa, miyendo iwiri

Anthu ambiri a ku Chipata bwalo la gofu amangoliona akamadutsa m'tauni, koma sanaganizepo zoti iwonso angasewerepo. Kalabu ya bwaloli inayamba m'masiku a atsamunda, tauni ikutchedwa Fort Jameson, ndipo ili m'gulu la makalabu akale kwambiri m'Zambia. Mbiri imeneyi ndi imene inasiya maganizo oti gofu ndi masewera a azungu ndi mabwana. Chonsecho Kenneth Kaunda ankasewera gofu ali pampando wa upulezidenti, ndipo m'chaka cha 2006 Madalitso Muthiya anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kusewera mumpikisano wa US Open, pabwalo la Winged Foot ku New York. Chimene chimathawitsa anthu lero ndi mtengo wa zipangizo. Ine ndimati ndalama zambiri zimene woyamba amawononga ndi zotaya chabe.

Choyamba, musagule kanthu. Pitani kukalabu tsiku limene anthu akusewera, mulonjere, mufunse kapiteni kapena mlembi. Mudziwe ndalama imene mlendo amalipira pa tsiku, ya umembala, masiku a mpikisano, ndi zovala zimene salola. Kenako pemphani kutsagana ndi gulu limodzi, inu muli chimanjamanja, kungoyenda ndi kuona. Mukatopa ndi kuyendako musanagwire n'komwe ndodo, mwapulumutsa makwacha anu.

Mukaona kuti mtima wakopeka, tikambe za ndodo. Malamulo amalola ndodo zosapitirira 14 m'chikwama, ndipo ogulitsa amafuna mukhulupirire kuti zonsezo n'zofunika. Woyamba zisanu ndi imodzi zimamukwanira: putter yokankhira mpira m'kadzenje, pitching wedge, 9-iron, 7-iron, hybrid imodzi, ndi 5-wood. Nambala ya pa iron ikakhala yaing'ono ndiye kuti ndodoyo ndi yaitali, nkhope yake ndi yoimirira, mpira umapita patali koma kuumenya bwino n'kovuta. Nambala ikakula ndodo imafupika, nkhope imagona, mpira umakwera m'mwamba n'kugwera pafupi. Munthu amene sanazolowere akamenya ndi 6-iron kenako ndi 7-iron, mipira yonse iwiri imagwera malo amodzi. Nanga anyamuliranji zonse?

Driver, ndodo ya mutu waukulu ija, muisiye kaye. Ndi imene aliyense amaisirira, ndi yodula kuposa zinzake, komanso ndi imene imataya mipira kuthengo.

Zakale n'zabwino. Funsani mamembala, chifukwa pafupifupi aliyense amene wasewera zaka zambiri ali ndi ndodo zimene zikungodya fumbi kunyumba. Apo ayi mutumize wina wopita ku Lusaka kapena ku Lilongwe. Poyang'ana ndodo, gwirani mutu ndi dzanja limodzi, chogwirira ndi linalo, mupotoze pang'ono. Mutu ukagwedera, ibwezeni. Onani ngati chitsulo chapindika kapena chadyeka ndi dzimbiri pafupi ndi mutu, pamene chimakonda kuthyokera. Timizere tapankhope tikhale tooneka. Labala wa chogwirira akauma n'kumaterera, limenelo si vuto lalikulu poti amasinthidwa, koma likhale chifukwa chotsitsira mtengo. Sankhani ma iron okhala ndi mphako kumbuyo kwa mutu, chifukwa amakhululuka mukamenyera m'mbali. Opyapyala osalala kumbuyo aja ndi a akatswiri. Pa chitsulo pakalembedwa R kapena Regular, n'choyenera anthu ambiri, pamene S imafuna wamphamvu ndi waliwiro. Amanzere asaiwale kunena msanga, ndodo zawo n'zosiyana ndipo zimasowa.

Mipira yatsopano ya m'bokosi ilekeni mpaka mutasiya kutaya iwiri kapena itatu paulendo uliwonse. Yotoledwa imapezeka kwa anyamata onyamula zikwama, ma caddie. Mungoonetsetsa kuti sinang'ambike, ndipo muilembe chizindikiro chanu. Nsapato zothamangira za mapazi ogwira pansi zimakwana. Malaya a kolala ndi chipewa mukazipeza pa salaula kumsika wa Kapata.

Tsopano kuphunzira. Yambirani pafupi ndi kadzenje, muzibwerera m'mbuyo. Sabata zoyamba zikhale za putter ndi wedge basi: mamita awiri, asanu, khumi, makumi atatu. Pafupifupi theka la kumenya konse pa gofu limachitika pafupi ndi kadzenje, komabe mudzaona anthu akuthera ola lonse akulimbana ndi driver. Kagwiridwe ka ndodo ndi kaimidwe musaphunzire nokha. Pezani caddie wamkulu amene amasewera bwino, mupangane naye mtengo wa maphunziro angapo. Ambiri mwa iwo anakulira pabwalopo, ndipo akangoona mwamenya kawiri adziwa kale chimene chalakwika. Ngati ndi wamkulu kwa inu, ndi “bambo” kapena “achimwene”, osati “iwe”. Ndalama yake mugwirizane musanayambe, osati pomaliza mutakwiya ndi mmene mwasewerera.

Gofu ndi ulendo wapansi, ndipo kwa ine kukoma kwake kuli pomwepo. Maenje 18 amakuyendetsani makilomita 8 mpaka 10, kwa maola anayi kapena kuposerapo. Maenje 9 ndi theka lake, ndipo ndi pamene woyamba ayenera kulekezera. Kunja kuno ena amakwera tigalimoto ta pabwalo, amafika pa mpira mtima udakali m'mwamba, n'kuphonyanso. Woyenda pansi amafika ataiwala zoipa zija, waona kumene mphepo ikuchokera, wamva ndi mapazi ngati nthaka ili youma kapena yofewa. Apa ndi pamene chikwama cha ndodo zisanu ndi imodzi chimasangalatsa: mumachinyamula nokha popanda kuwawa msana, ndipo chimakwera panjinga, zomwe ku Chipata si nkhani yachilendo. Chikhale cha malamba awiri kuti kulemera kugawike m'mapewa.

Nyengo ndiyo ikuuzeni nthawi. Mu Juni ndi Julayi mukhoza kusewera ngakhale masana. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, yambani dzuwa likungotuluka kapena dikirani lipendeke. Tengani madzi osachepera lita imodzi ndi theka, muzimwa pa dzenje lililonse ludzu lisanakugwireni, ndi nthochi kapena nsawawa zokazinga m'thumba. M'dzinja, bingu likangomveka, lekani pomwepo mubwerere kukalabu. Ndodo yachitsulo m'manja pamtetete si chinthu chochita nacho makani, ndipo kubisala pansi pa mtengo woima paokha n'koopsa koposa.

Mpira ukalowa m'udzu wautali, fufuzani ndi ndodo, osati ndi dzanja. Ukagwera pafupi ndi njoka, njuchi kapena linthumbu, malamulo amakulolani kuusunthira pamalo abwino osayandikira kadzenje, popanda chilango. Ambiri lamuloli salidziwa, amangolimba mtima mopanda phindu.

Pali chinthu china chimene wailesi yakanema ingakusokeretseni nacho. Mumaona akatswiri ku America akuponya mpira m'mwamba, ukugwa pa kapinga wothiriridwa n'kuima pomwepo. Kuno m'chilimwe nthaka imauma gwa, mpira woponyedwa choncho umadumpha ngati wagwa pakhonde lasimenti n'kupitirira. Phunzirani kuuyendetsa pansi. Mukatsala ndi mamita 30 kapena 40, tengani 7-iron m'malo mwa wedge, mpira ukhale kufupi ndi phazi lakumbuyo, manja atsogole, mumenye mofatsa ngati mukugwiritsa putter. Mpira ugwe pafupi, mtunda wotsalawo ugudubuke. Ku Scotland, kumene masewerawa anachokera, ndi mmene amasewerera pamabwalo awo ouma a m'mbali mwa nyanja, choncho musachite manyazi. Mvula ikabwera zinthu zimatembenuka: mpira sugudubuka, ndiye tengani ndodo yopita patali kuposa imene munazolowera. Pamabwalo ena a m'matauni aang'ono, pozungulira kadzenje pamakhala mchenga m'malo mwa kapinga. Pamenepo mumasalaza kanjira ndi chosalazira musanamenye, ndipo mpira umafuna mphamvu pang'ono.

Za ulemu n'zachidule. Mnzanu akamamenya, khalani chete, muime kumbali osati kumbuyo kwake kapena kutsogolo. Musamenye ngati kutsogolo kuli munthu, kaya ndi wosewera kaya ndi mwana wasukulu wodutsa njira yachidule. Mpira ukalowera kumene kuli anthu, fuulani “Fore!” mosachita manyazi, chifukwa kampira kameneka n'kolimba kokwanira kuswa mutu. Kapinga amene mwazula mubwezeretse. Kuyambira 2019 nthawi yofunafuna mpira wotayika ndi mphindi zitatu zokha, ndipo mpira umene malamulo akulolani kuusunthira pena umagwetsedwa kuchokera pa msinkhu wa bondo. Gulu la kumbuyo likamakudikirani, lipatseni njira. Anthu amapirira wosadziwa kusewera, koma wochedwa samuitananso.

Powerengera, pemphani kuti muzisewera Stableford. Dzenje lililonse lili ndi par yake, kutanthauza kangati katswiri ayenera kumenya kuti alowetse: katatu, kanayi kapena kasanu. Mukachotsera zimene handicap yanu (kumenya koonjezera kumene mumaloledwa malinga ndi luso lanu) ikukupatsani, kufanana ndi par ndi mapointi 2, kupitirira ndi kamodzi ndi pointi 1, kuchepera ndi kamodzi ndi mapointi 3. Mukapitirira ndi kawiri palibe chanu, mumangotola mpira n'kupita dzenje lotsatira. Ubwino wake ndi wakuti dzenje limodzi loipa silikuonongerani tsiku lonse. Handicap mumaipeza popereka makadi osainidwa ndi mnzanu, okwana maenje 54 onse pamodzi, ndipo dongosolo la dziko lonse limene linayamba mu 2020 limalola handicap kufika 54. Ndi chimene chimachititsa kuti mphunzitsi wopuma pantchito apikisane ndi mnyamata wa zaka 20 n'kumugonjetsa.

Mukakhala ndi handicap, mabwalo ena akutsegukirani. Lusaka ili kutali, makilomita oposa 550 pa Great East Road, koma Lilongwe Golf Club, ya maenje 18, ili pafupi kwambiri kudzera pachipata cha Mwami ndi Mchinji. Imbani foni tsiku lisanafike kuti mudziwe ngati kulibe mpikisano, mutenge chiphaso choyendera, umboni wa handicap yanu, ndi makwacha a ku Malawi olipirira caddie wa kumeneko.